Akabwera a ku Joni: Ulendo Wodzaona Abale ku Thuchila

Mwezi wa Disembala ukafika pakati, mvula itakhazikika ndipo chimanga chitayamba kubisa nkhuku m'minda, midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Thuchila m'boma la Mulanje imayamba kulandira alendo amene si alendo kwenikweni. Awa ndi ana a m'midzi yomweyo amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ku Durban, ku Cape Town ndi m'mizinda ina ya kunja, ndipo abwera kudzaona makolo, mabanja awo ndi anzawo a paubwana. Minibasi zochokera ku Limbe zodzera msewu wa Midima zimawatsitsa pa Nkando kapena pafupi ndi mlatho wa Thuchila, pamene anyamata a kabaza amalimbirana zikwama zawo. Dzuwa lisanapendeke, mbiri imakhala itawanda kale m'mudzi monse: "Achimwene aja a ku Joni afika."

Chimwemwe cha tsiku lotere sichibisika. Nthungululu zimamveka, ana amathamangira katundu, ndipo tambala amene adapulumuka pa zikondwerero zonse za chaka amaona tsoka madzulo omwewo. Komabe pafupi ndi nyumba ya chisangalaloyo pamakhala nyumba ina ya zii, pamene mayi wokalamba wakhala akusuzumira kumsewu kwa zaka zisanu kapena khumi, mwana wake osaoneka. Munthu wopita kunja nkuiwala njira ya kwawo ali ndi dzina lake m'Chichewa, ndiye mtchona. Funso loyenera kulilingalira, makamaka kwa achinyamata amene angomaliza sukulu ndipo mitima yawo idakwera kale basi ya ku Joni, ndi ili: kodi nchiyani chimabweza ena kumudzi, nanga nchiyani chimatsekereza anzawo mpaka kutchona?

Dera la apaulendo

Anthu a ku Thuchila sadayambe lero kudziwa maulendo. Ambiri mwa iwo ndi Alhomwe, amene makolo awo adaoloka malire kuchokera ku Mozambique kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, pothawa nkhanza za Apwitikizi, ntchito yokakamiza ndi njala. Kuno adapeza Amang'anja ndi Ayao, adapezanso minda ya Azungu imene inkasowa antchito, pakuti tiyi adayamba kudzalidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891. Ambiri adalandira malo okhala posinthana ndi thangata. Ngakhale adakhazikika kuno, sadaleke kuoloka Ruo ndi Muloza kukalira maliro ndi kukazonda abale otsala kwawo. Kotero mwambo wobwerera kukacheza kumene munthu adachokera ndi wakale kuposa basi, ndege ndi pasipoti.

M'dziko lonse la Nyasaland, ulendo waukulu wa amuna udali wolowera kumwera. Msonkho wa nyumba umene boma la Atsamunda lidakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890 unkafuna ndalama, ndipo malipiro a m'minda ya tiyi ndi fodya adali ochepa poyerekeza ndi a ku Salisbury, ku Bulawayo, ku migodi ya malasha ya ku Wankie ndi ku migodi ya golide ya ku Johannesburg. M'chaka cha 1935 komiti imene boma lidasankha, yotsogozedwa ndi Travers Lacey, idapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko, ndipo idadandaula ndi kuchuluka kwa amene sadalinso ndi maganizo obwerera. Nthawi imeneyo ochuluka ankachokera kumpoto, koma m'zaka zotsatira maboma a kumwera, kumene malo olima ankachepa chaka ndi chaka, nawonso adatumiza anyamata awo.

Padali njira ziwiri zopitira. Ena ankanyamuka paokha, ulendo umene unkatchedwa wa selefu, poyenda pansi, pa sitima kapena pa malole a Ulere amene boma la Southern Rhodesia linkapereka osalipiritsa. Ena ankalembedwa ntchito ndi mabungwe awiri otchuka: Mthandizi, wotengera anthu ku mafamu ndi migodi ya ku Rhodesia, ndi Wenela, wotengera anthu ku migodi ya ku South Africa. Wopita pa Wenela ankasaina pangano la nthawi yodziwika, yosapitirira zaka ziwiri, ndipo gawo la malipiro ake linkasungidwa kuti adzalandirire kuno. Pangano likatha, ndege imene idamtenga pa Chileka inkambwezanso. Afune asafune, lamulo pamodzi ndi ndalama zake zomwe zinkamukokera kwawo. Wa selefu adalibe chingwe chotere, ndipo matchona ambiri adachokera m'gulu limeneli. Zidzukulu zawo zilipobe ku Mbare ndi ku Highfield mu Harare, ndipo zina sizidapondepo nthaka ya Malawi.

Okalamba amakumbukabe kabweredwe ka masiku amenewo. Wochokera ku Rhodesia ankatha kukwera sitima yodzera pa Dondo, nkuoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana umene udatsegulidwa mu 1935, nkudzatsikira pa siteshoni ya Luchenza. Wa ku migodi ya golide ankadzera pa malo a bungwe lake mu Blantyre, amene mpaka lero akutchedwa pa Wenela. Ankafika m'mudzi atavala suti ndi chipewa, pakamwa pali mawu a Chifanakalo, kumbuyo kukubwera bokosi lachitsulo, mabulangete, wailesi, galamafoni, makina osokera a Singer ndi njinga ya Humber kapena Raleigh. Ena ankabweranso ndi katundu wosaoneka ndi maso, ndiye chifuwa chachikulu ndi matenda a fumbi la mumgodi, amene ankawadya pang'onopang'ono ali pakhonde pawo.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yonyamula anthu obwerera kwawo idagwa itangonyamuka pa Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 adafa. Dr. H. Kamuzu Banda adaletsa bungwelo kulemba anthu ntchito, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira Amalawi oposa 100,000 adabwerera kumudzi. Kulemba kudayambiranso mu 1977 pansi pa dzina latsopano la TEBA, koma chiwerengero chidali chochepa, ndipo mu 1988 kudalekeka chifukwa cha mkangano wokhudza kuyeza magazi a antchito pofufuza kachilombo ka HIV. Apa mpamene padathera ulendo wa pangano. Pafupifupi aliyense wopita ku Joni lero ndi wa selefu, kotero kuti palibe bungwe limene lidzamkweze ndege yobwerera. Kubwera kapena kusabwera kwatsala pa mtima wake, pa thumba lake ndi pa mapepala ake.

Zotsekereza wapaulendo

Chiyambire 1994, pamene ulamuliro wa tsankho udatha ku South Africa, amuna ndi akazi omwe akhala akupita kukagwira ntchito za m'nyumba, zosamalira maluwa, zomanga, zosoka ndi za m'masitolo. Njira yobwerera ndi yaitali, yoposa makilomita 1,700. Basi imanyamuka ku Johannesburg nkuoloka Limpopo pa Beitbridge, nkudutsa Harare mpaka pa Nyamapanda, nkulowa m'dziko la Mozambique, nkuoloka Zambezi pa Tete, nkudzafika pa Zobue ndi pa Mwanza. Ndi ulendo wa masiku awiri, kapena atatu ngati pa zipata pali mizere yaitali monga mmene zimakhalira mu Disembala. Koma kutalika kwa njira si kumene kumatchonetsa munthu.

Chotsekereza choyamba ndi mapepala. Mmalawi wa pasipoti amaloledwa kukhala ku South Africa masiku 30 monga mlendo wodzacheza, osati wodzagwira ntchito. Ambiri amapitiriza masikuwo chifukwa chilolezo cha ntchito ndi chovuta kupeza. Malamulo amene dzikolo lidakhazikitsa mu 2014 amati wopitiriza ndi masiku osaposa 30 aletsedwe kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo wopitiriza kuposa pamenepo aletsedwe kwa zaka zisanu. Tsono munthu wotere akafuna kudzaona amayi ake amadziwa kuti pa Beitbridge chitseko chikatsekeka kumbuyo kwake, ndipo ntchito imene imadyetsa amayi omwewo ithera pomwepo. Ena amayesa mwayi mwa ziphuphu kapena kuoloka Limpopo usiku pakati pa ng'ona ndi achifwamba. Ogwidwa amakasungidwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kudikira kuthamangitsidwa. Ambiri amangosankha kukhala phee, chaka nkusanduka zaka.

Chotsekereza chachiwiri chili kuno kumudzi, ndipo ndi chimene anthu sakonda kuchitchula. Disembala ndi mwezi umene ntchito zomanga ndi mafakitale ambiri a ku South Africa amatsekera tchuthi, komanso ndi mwezi umene nkhokwe za ku Thuchila zayamba kuoneka pansi. Chimanga chikufuna feteleza wobereketsa, fizi ya mu Januwale yayandikira, denga likudontha. Wobwerayo asanasambe nkomwe, maso a mbumba yonse amakhala ali pa zikwama. Azakhali akuyembekeza chitenje, amalume jekete, mphwake foni, anzake a paubwana mowa wa pa sitolo. Palibe amene amafunsa kuti chipinda chimene amagona ku Joni amalipira zingati, kapena kuti amagawana ndi anthu angati. Wapaulendo amazidziwa zonsezi asananyamuke. Akaona kuti ndalama zake zingokwanira tikiti ndi bulangete limodzi, amati adikire chaka chamawa kuti adzabwere ngati munthu. Chaka chamawa chikafika, mawu amakhala omwewo.

Ena amagonjetsa manyaziwa mwa njira yoipa kuposa manyaziwo. Amakongola ndalama za katapila kwa anzawo, nkugula zovala ndi wailesi yaphokoso, nkudzamwaza ndalama pa sitolo kwa milungu iwiri, kenaka nkugulitsa foni kuti apeze yobwererera. Miyezi isanu ndi umodzi yotsatira amagwirira ntchito ngongole, ndipo kumudzi sikufika ngakhale tambala imodzi.

Kuonjezera apo, chaka chilichonse chimene munthu sadabwere chimaunjika mangawa ena amene si a ndalama. Agogo adamwalira iye kulibe, mlongo wake adakwatiwa iye kulibe, mwana amene adamsiya ali kumsana tsopano ali Sitandade 5 ndipo amamudziwa pa chithunzi chokha. Mafunso amene akumudikira amachuluka kotero kuti kukhala kutali kumaoneka kopepuka kuposa kudzawayankha. Umu ndi mmene munthu wabwinobwino, wokonda kwawo, amasandukira mtchona popanda tsiku limene adaganiza zotchona.

Dongosolo la kucheza

Amene amabwera amadziwa kuti kucheza kwa kumudzi kuli ndi dongosolo lake. Tsiku lofika ndi la malonje okha. Mlendo amakhala pamphasa, akuluakulu nkumufunsa za ulendo ndi za anzake amene wawasiya kumeneko, pakuti wobwera mmodzi amanyamula mauthenga ndi timaphukusi ta mabanja khumi. M'mawa mwake, asanapite kwa mnzake aliyense, amayenda nyumba ndi nyumba kupepesa maliro onse amene adachitika iye kulibe, ndipo mmodzi wa akuluakulu amamperekeza kumanda kuti akaone pamene adagona abale ake. Akatero amakaonekera kwa amfumu ndi kwa mwini mbumba. Ngati ndi mwamuna wokwatira, amakagwada kwa apongozi ake, amene mwana wawo ndi zidzukulu zawo akhala akuzisunga. Wolumpha masitepe amenewa nkuthamangira ku sitolo, ngakhale abwere ndi galimoto, anthu amangoti ku Joni kudamuononga.

Zakudya nazonso zili ndi gawo lake. Munthu amene wakhala zaka akudya buledi ndi nkhuku za m'firiji amapempha kalongonda, makaka, nandolo ndi nkhwani wotendera, ndipo amayi ake amaphika mokondwa pozindikira kuti mwana wawo akadali yemwe uja. Ana obadwira kunja, olankhula Chizulu ndi Chingerezi, amayamba ndi kubisala kumbuyo kwa makolo awo, koma pakatha mlungu amakhala ali kudambo ndi asuweni awo, akutola mawu a Chichewa ndi a Chilhomwe. Kwa ana oterewa ulendo umodzi wokha umatha kukhazikitsa mumtima dzina la mudzi limene adzalitchule akadzafunsidwa kwawo.

Koma phindu la kucheza silithera pa chikondi chokha. Pa kalembera wa 2018 boma la Mulanje lidapezeka ndi anthu oposa 680,000, pamene gawo lalikulu la nthaka yake lili pansi pa phiri ndi minda ya tiyi. Munda ndi chuma chosowa. Mwa mwambo wa chikamwini umene anthu a derali amatsata, malo amayenda kudzera kwa akazi. Mkazi amene ali kunja amasiyira mchemwali wake munda kuti azilima, ndipo zaka zikachuluka wobwereka uja amayamba kuoneka ngati mwini. Mwamuna ali ndi maudindo awiri: ndi mkamwini kumudzi kwa mkazi wake, komanso ndi malume kwa ana a alongo ake. Akasowa nthawi yaitali, nyumba imene adamanga ndi ndalama za ku Joni imaima pa nthaka ya anthu amene sakumuonanso ngati wawo, ndipo kwa mbumba yake mpando wake umakhalidwa ndi wina. Nkhani za malire, za ukwati ndi za chiliza cha makolo zimakambidwa maso ndi maso pansi pa mtengo. Wobwera kudzacheza amakhala akudzatsimikiza kuti malo ake m'mudzi akadalipo.

Nzoona kuti masiku ano kulankhulana kudaphweka. Kale kalata inkayenda milungu, ndipo wosadziwa kuwerenga ankadikira mphunzitsi kuti amuwerengere. Lero pali WhatsApp, ndipo ndalama zotumizidwa pa Mukuru zimafika tsiku lomwelo. Zimenezi zathandiza mabanja ambiri, monga momwe zidaonekera mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula mapiri ndi kusefukiza mitsinje ya ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena, ndipo anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa m'dziko muno. Thandizo lochokera kwa ana a kunja lidafika msanga. Komabe foni ili ndi msampha wake, pakuti imachititsa munthu kuganiza kuti alipo pamene kulibe. Pa foni amayi amati ali bwino ngakhale miyendo yatupa, ndipo mwana amati sukulu ikuyenda ngakhale adaleka chaka chatha. Zoona zake zimaoneka kwa amene wakhala pakhonde.

Tsiku lobwera mosafuna

Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma. Mu Meyi 2008 ziwawa zolimbana ndi anthu a maiko ena zidabuka ku South Africa ndipo anthu 62 adaphedwa. Mu Epulo 2015 zidabukanso, kuyambira ku Durban, ndipo boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga nzika zake. Mu 2020 mliri wa Covid-19 udatseka ntchito, ndipo zikwi za Amalawi zidalowera pa Mwanza zili ndi kachikwama m'manja. Pa nthawi zonsezi padalibe wobwera ndi wailesi kapena njinga. Amene ankabwera kudzacheza m'zaka za mtendere adapeza mphasa yoyalidwa, ndime yoti alime ndi anthu owadziwa. Amene adakhala zaka khumi osaoneka adafika ngati alendo enieni, ena nkupeza mkazi adakwatiwa kwina, munda udagawidwa, ndipo wowatsogolera kumanda a makolo awo ndi mwana amene sakumudziwa dzina. Mwambi uja wakuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, umanena zoona, komabe kwanuko kumafuna kupondedwa kawirikawiri kuti njira isamere udzu.

Palinso ulendo wina wotsiriza umene palibe amaufuna. Amalawi a ku South Africa amasonkherana ndalama m'magulu awo kuti mnzawo akamwalira thupi lake libwere kwawo, ndipo mtengo wa ulendo umenewo umaposa kutali tikiti ya munthu wamoyo. Ndi chinthu chomvetsa chisoni kuti mudzi umene munthu adauchitira manyazi kuufikira chimanjamanja umadzamulandira ali m'bokosi, ndipo pa tsikulo palibe amene amafunsa za chitenje.

Mawu kwa otsala ndi kwa onyamuka

Aphunzitsi amadziwa zimene zimachitika m'kalasi mu Januwale. Mnyamata wa Fomu 2 amene waona mnzake wa m'mudzi atavala nsapato zatsopano amayamba kuona mabuku ngati kutaya nthawi. Chimene sadaone ndi chipinda cha malata chogona anthu asanu, kuthawa apolisi pa msewu, ndi bwana wokana kulipira podziwa kuti wantchito wopanda mapepala sangakadandaule kulikonse. Wobwera kudzacheza amene amauza achinyamata zoona zokhazokha, zokoma ndi zowawa zomwe, wapereka mphatso yoposa zonse za m'zikwama zake. Mphunzitsi wanzeru angachite bwino kuitana munthu wotere kuti adzacheze ndi ophunzira, kuti amve kuchokera kwa mwini ulendo kusiyana kwa wopita ndi luso ndi mapepala oyenera ndi wopita ndi pasipoti yokha.

Wachinyamata amene watsimikiza zonyamuka aganizire za kubwera asanaganizire za kupita. Adziwe malamulo a dziko limene akupita, asunge padera ndalama ya tikiti yobwerera, ndipo apangane ndi makolo ake za nthawi imene adzaonekere, ali nazo kapena alibe. Wenela idali ndi nkhanza zake zambiri, koma pa mfundo imodzi iyi idasiya phunziro: ulendo umafunika kukhala ndi tsiku lothera, ndipo ndalama ina iyenera kudikira mwini wake kumudzi. Popeza lero palibe bungwe lomukakamiza, wapaulendo adziikire yekha lamulo limenelo.

Otsala kumudzi nawonso ali ndi mbali yawo, mwinanso yaikulu kuposa. Mtchona sapangidwa ku Joni kokha. Mawu onyoza amene amalankhulidwa pa chitsime za amene wabwera ndi chikwama chimodzi amamveka mpaka ku Cape Town, ndipo amatsekereza ena khumi amene amaganiza zobwera. Mayi amene amauza mwana wake pa foni kuti, "Bwera tidzakuone, katundu udzabwera naye tsiku lina," wachita chinthu chimene Wenela inkachita ndi ndege. Chibale ndi fupa, sichiola, adatero akale. Mudzi umene umalonjera munthu usanayang'ane zikwama zake ndiwo umene ana ake amabwerera.